Kulowa m'mudzi wa tinyumba ta kopaletivi ku Thyolo ndi Mulanje: mafunso ndi mayankho

Kwathu kuno ku Thyolo ndi Mulanje nkhani ya malo sinayambe lero. Tiyi anatenga zitunda zabwino kalekale, anthu tikuchulukirachulukira, ndipo munda umene agogo ankalima okha pano wagawidwa kwa zidzukulu mpaka aliyense watsala ndi mizere yowerengeka. N'chifukwa chake maganizo oti mabanja angapo asonkhe ndalama, apeze malo amodzi, aliyense amange kanyumba kochepa koma kolimba, ndi ofunika kuwamvetsera. Amene amafunsa kwambiri ndi aphunzitsi oyandikira kupuma, ogwira ntchito m'maesiteti amene akudziwa kuti nyumba ya kampani adzaisiya tsiku lina, amayi amasiye, ndi achinyamata otopa ndi lendi pa Luchenza, pa Bvumbwe kapena pa Chitakale. Ndayankha monga ndikuonera, ndipo pamene ndikuona kuti munthu angapwetekepo ndanena mosabisa.

Kodi mudzi wa kopaletivi ndi chiyani kwenikweni?

Ndi mabanja amene agwirizana kukhala pa malo amodzi omwe mwini wake ndi gulu lonse. Gululo limalembetsedwa ku boma ngati kopaletivi. Banja lililonse limagula masheya, ndipo masheyawo ndi amene amalipatsa ufulu womanga ndi kukhala pa kapuloti kake. Zinthu zodula zimene banja limodzi silingathe palokha, monga mjigo, thanki ya madzi, msewu wolowera, chipinda cha misonkhano ndi nkhalango ya nkhuni, zimakhala za onse.

Pa zisankho membala aliyense ali ndi voti imodzi, ngakhale atagula masheya ochuluka bwanji. Mfundo imeneyi ndi yakale. Anthu 28 amene anatsegula kasitolo kawo ku Rochdale m'dziko la England mu 1844 ankayendera yomweyi, ndipo makopaletivi a alimi ndi ma SACCO athu akuyenderabe pomwepo.

Nyumba zathu zambiri n'zazing'ono kale. Chachilendo n'chiyani pamenepa?

Funsoli lili ndi mutu. Ku America, kumene mchitidwe wa tinyumbawu unatchuka, anthu anazolowera nyumba zikuluzikulu zogula pa ngongole ya zaka 30. Chuma chitasokonekera mu 2008 mabanja ambiri analandidwa nyumba, ndipo ena anayamba kusankha dala tinyumba tosapitirira masikweya mita 37, tina tomangidwa pa ngolo ya matayala kuti azitikoka ndi galimoto. Iwo ankathawa ngongole ndi katundu wochuluka.

Ife vuto lathu ndi lina. Mbali imodzi tili ndi nyumba zazing'ono za zidina zimene zimagwa mvula ikalimbikira sabata imodzi. Mbali inayo tili ndi nyumba zazikulu zosatha. Yendani msewu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza muone nyumba zoima pa windo, udzu utamera m'zipinda, mwini wake akulipirabe lendi kwina. Anayamba zipinda zinayi ndalama zili za zipinda ziwiri. Chimene tingatengeko kwa anzathu akunjawo ndi kulimba mtima koti umange nyumba imene ungaimalize chaka chomwecho: maziko a simenti, makoma olimba, malata, zitseko ndi mawindo, n'kulowamo. Za matayalazo zisiyeni komweko, misewu yathu ya m'zitunda nthawi ya dzinja mukuidziwa.

Banja la ana anayi lingakwanemo?

Nyumba ya mamita 6 m'litali ndi 6 m'lifupi imakwana zipinda ziwiri zogona ndi pabalaza pochepa. Khitchini, bafa ndi chimbudzi zimakhala panja monga mwa nthawi zonse, ndipo khonde lotakasuka limachita zambiri kuposa mmene anthu amaganizira: mpomwe alendo amafikira, mpomwe amayi amasankhira nyemba mvula ikamagwa.

Ana akamakula nkhani imasintha. Mnyamata wa zaka 15 sangagone chipinda chimodzi ndi alongo ake, ndipo makolo athu anathana nazo kale pomanga gowelo. Choncho funsani ngati malamulo a gulu akulola gowelo kapena kuonjezera chipinda chimodzi m'tsogolo, ndipo puloti ikhale ndi mpata umenewo. Ngati pakhomo panu mukusunga anthu khumi, ana a achemwali ndi agogo omwe, moyo umenewu ukuvutani. Ndi bwino kudziwiratu kusiyana ndi kudzakangana ndi komiti pambuyo pake.

Malowo mwini wake ndani?

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mudekhe, chifukwa gulu likalakwitsa pano zonse zotsatira zimakhala pa mchenga. Kanyumba mmisiri aliyense wodziwa ntchito angakumangireni. Malo okhala ndi mapepala oona ndi amene amasowa.

Malo ambiri a m'midzi ndi a makolo. Mfumu imayang'anira, koma eni ake ndi mbumba. Munthu mmodzi akabwera n'kunena kuti akugulitsa munda wake, funso loyamba ndi lakuti mwinimbumba akudziwa kodi, nanga alongo ake avomera? Kuno malo amayenda kuchikazi. Mwamuna amene wakhala akulima mundawo zaka zambiri akhoza kukhala mkamwini chabe, wopanda mphamvu yogulitsa ngakhale mzere umodzi. Mukalipira kwa iyeyo, tsiku lina adzafika mwana wa mchemwali wa mkazi wake kuchokera ku Joni, ndipo mlandu udzakhala wanu.

Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo oterewa m'dzina la munthu, banja kapena gulu la nzika za Malawi, kudzera ku komiti ya malo ya kwa gulupu, momwe mumakhalanso amayi. Malamulo a malo anakonzedwanso mu 2022, ndipo ali ndi zoletsa pa kagulitsidwe ka malo, choncho musanapereke tambala pitani ku ofesi ya malo ku khonsolo ya boma lanu mukafotokoze zimene mukufuna kuchita. Ngati malowo ndi a lizi kapena ndi chigawo cha esiteti chimene chikugulitsidwa, kafufuzeni ku ofesi ya malo ku Blantyre kuti mudziwe dzina limene lili pa mapepala, zaka zimene zatsala pa lizi, komanso ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki.

Pomaliza, pepala la malo lilembedwe m'dzina la kopaletivi. Lisalembedwe m'dzina la wapampando, la m'busa, kapena la munthu amene anayambitsa maganizowa, ngakhale akhale wokhulupirika chotani. Munthu wokhulupirika naye amamwalira, ndipo ana ake adzapeza pepala lili m'dzina la bambo awo.

Amfumu anavomera ndipo anadinda kalata. Sizokwanira?

Kalata ya amfumu ndi yofunika, ndipo popanda iyo simungakhale mwamtendere m'dera lawo. Koma ndi chiyambi chabe. Ufumu umasintha, ndipo wolowa m'malo akhoza kunena kuti za kalatayo sakuzidziwa. Malire ayendedwe masana, eni minda yoyandikana ali pomwepo, wopima malo aike zizindikiro zake, kenako nkhani ifike kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu ndi ku khonsolo.

Wina akakuuzani kuti pali malo a esiteti ongokhala kapena m'mphepete mwa nkhalango yotetezedwa ya phiri la Mulanje ndipo mungoyamba kumanga mapepala adzabwera pambuyo, kanani. Kuwawa kwa mtima poona malo ogonera pamene ife tikupanikizana ndikukumvetsa, kunayamba nthawi ya thangata. Koma nyumba yomangidwa pamenepo ikhoza kugwetsedwa popanda chipukuta misozi, ndipo ndalama zotayika zidzakhala za anthu osauka omwewo.

Kodi si zomwe zija za Kudzigulira Malo?

Zikufanana pena. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo inayenda kuyambira 2004 mpaka 2011 ndi ndalama za World Bank. Mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, anapanga magulu n'kukagula malo a maesiteti ku Mangochi ndi Machinga, kenako ku Balaka ndi Ntcheu, banja lililonse n'kupeza mahekitala pafupifupi awiri. Ambiri anakolola chimanga chimene kuno sakanachiona. Ena anabwerera chifukwa madzi, sukulu, chipatala ndi msika zinali kutali, kwinanso sanagwirizane ndi eni dera.

Kusiyana kwake n'kwakuti mudzi wa tinyumba ulibe wopereka thandizo, ndalama ndi za m'thumba mwanu, ndipo cholinga ndi pokhala, osati munda waukulu. Phunziro la amene anabwerera aja ndi lanunso: musanakopeke ndi kutchipa kwa malo, yendani wapansi kuchokera pamalopo kukafika ku sukulu ya pulayimale, ku chipatala ndi pokwerera minibasi. Muganizire mayi woyembekezera usiku wa mvula, kuti ku Malamulo, ku Mulanje Mission kapena ku chipatala cha boma akafika bwanji.

Ndingadziwe bwanji kuti kopaletiviyo ndi yeniyeni?

Makopaletivi m'Malawi amalembetsedwa pansi pa lamulo la makopaletivi la 1998, ku ofesi ya Registrar imene ili mu unduna woona za malonda, ndipo pamafunika anthu osachepera khumi. Pemphani kuona satifiketi yake ndi maso anu, ndipo mukatsimikize kwa ofisala wa zamalonda ku khonsolo. Pemphaninso malamulo oyendetsera gulu olembedwa, makamaka m'Chichewa, mupite nawo kunyumba mukawerenge mofatsa. Gulu limene likukana kukupatsani malamulo ake lili ndi chimene likubisa.

Ndalama zizilowa ku akaunti ya ku banki ya dzina la kopaletivi, yosainira anthu awiri kapena atatu omwe si pachibale. Akakuuzani kuti mutumize pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu, imani kaye. Funsani tsiku limene msonkhano waukulu wa pachaka unachitika, amene anawerengera mabuku a ndalama, ndi nthawi imene komiti inasankhidwa. Wapampando amene wakhalapo chiyambire popanda chisankho, ndiye kuti gululo ndi lake, inu mukakhala alendi.

Pamafunika ndalama zingati?

Mtengo umatengera malo ndi nthawi, koma mitundu ya ndalamazo ndi inayi ndipo aliyense ayenera kuisiyanitsa. Pali ndalama yolowera, imene kawirikawiri sibwezedwa. Pali masheya, amene ndi gawo lanu pa malo ndi zinthu za gulu, ndipo amabwezedwa mukamachoka. Pali ndalama yomangira nyumba yanu. Ndiye pali chopereka cha mwezi ndi mwezi chokonzera mjigo, msewu ndi ngalande. Chachinayichi ndi chimene anthu amaiwala, ndipo n'chimene chimapha magulu: mjigo ukawonongeka m'bokosi muli mbee, amayi amabwerera kumtsinje.

Chinanso ndi kugwa kwa kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankasunga ndalama zomangira anadzuka zitachepa. Gulu lanzeru silisunga ndalama zomangira nthawi yaitali. Zikakwana kugula malata, ligule malata. Ena amawerengera sheya pa matumba a simenti m'malo mwa makwacha, kuti wolowa chaka chino ndi wolowa zaka zitatu zikubwerazi apereke zofanana. Njira imeneyi ndimaikonda, chifukwa aliyense amaimvetsa ndipo mtengo wa simenti sabisa.

Ndingatenge ngongole kuti ndilowe?

Mungathe, koma puloti ya kopaletivi simungaipereke chikole ku banki chifukwa si yanu nokha. Ku SACCO n'kumene kuli chiyembekezo, popeza amabwereketsa potengera zimene mwasunga. Banki mkhonde ingathandize kugula zitseko kapena malata ochepa, koma chiwongola dzanja chake cha pamwezi ndi chokwera ndipo nyumba sibweza ndalama ngati geni ya tomato. Katapila ayi ndithu.

Kwathu ndi kwa chikamwini. Sheya ilembedwe m'dzina la ndani?

Funso ili amuna amalifunsa motsitsa mawu, koma lili m'mitima ya ambiri. Pakati pa Alhomwe ndi Amang'anja mwamuna amakakhala kwa mkazi, amamanga nyumba pa malo a apongozi, ndipo banja likatha iye ndi amene amanyamuka. N'chifukwa chake amuna ena amazengereza kumanga ya malata kuchikamwini. Amayi nawonso ali ndi mantha awo: akachoka pa malo a mbumba yawo, pamene amalume ndi alongo amawateteza, n'kukakhala pa malo ogula, kodi banja likadzatha sadzakhala iwo othamangitsidwa?

Malo a kopaletivi si akuchikazi, si akuchimuna. Mwambo sunakonzeretu yankho lake, ndiye liyenera kulembedwa. Malangizo anga ndi akuti maina a onse awiri alowe m'kaundula wa gulu, ndipo malamulo anene poyera chimene chidzachitike ukwati ukatha. Malamulo a dziko lino amapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri m'banja, choncho komiti isayerekeze kugamula mosemphana ndi zimenezo. Magulu ena amagwirizana kuti amene akutsala ndi ana ndiye atsale m'nyumba, winayo abwezeredwe gawo lake pang'onopang'ono. Ankhoswe a mbali zonse adziwitsidwe musanalowe, ndipo mayi asataye munda wake wa kwawo chifukwa choti walowa m'kopaletivi. Mundawo ndi umene udzadyetse banja, komanso ndi pothawira zinthu zikavuta.

Ndikamwalira nyumba idzakhala ya ndani?

Membala amalemba dzina la munthu wodzalandira masheya ake, ndipo dzinalo limasungidwa m'kaundula. Lembani tsiku lomwe mukulowa, ndipo mukonzenso mukakwatira kapena mwana akabadwa. Lembaninso wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Komiti yabwino imaimirira pakhomo pa namfedwa achibale akabwera ndi ngolo kudzasasula malata.

Funsaninso chimene gulu limachita ana amasiye akalephera chopereka cha pamwezi. Yankho limene mulandire likuuzani zambiri za anthu amene mukufuna kukhala nawo. Za manda kambiranani ndi amfumu a deralo poyamba pomwe, chifukwa si onse amene adzanyamulidwe kupita kwawo.

Nanga ndikafuna kuchoka?

Khomo lotulukira liyang'aneni musanalowe. Malamulo anene kuti masheya amabwezedwa pakapita nthawi yaitali bwanji, nyumba amaiyika mtengo ndani, ndipo ngati simukugwirizana ndi mtengowo mukadandaula kuti. Kawirikawiri simungagulitse kwa munthu aliyense amene mwamupeza pa msika. Gulu limayamba lapeza wolowa m'malo kuchokera pa mndandanda wa odikira, kapena limavomereza amene mwabwera naye.

Makopaletivi ambiri a nyumba m'maiko ena amaika malire pa mtengo wogulitsira kuti nyumba zisakwere mpaka osauka kulephera kulowa. Ine ndikugwirizana nazo, koma dziwani tanthauzo lake: kuno simudzalemererapo. Ngati cholinga chanu ndi kugula puloti motchipa kuti mudzagulitse modula, kaguleni yanuyanu pa tauni.

Pambuyo pa Freddy, tingamange pati osaopa napolo?

Namondwe wa Freddy mu March 2023 anationetsa zimene akuluakulu a ku Phalombe anaona mu 1991: phiri likakhuta madzi limatsika ndi miyala, mitengo ndi matope, ndipo nyumba yolimba bwanji siingaime panjira pake. Choncho chitetezo choyamba ndi malo. Pewani kukamwa kwa khwawa, m'munsi mwa phiri lotsetsereka limene mitengo inatha, ndi m'mbali mwa mitsinje ngati Ruo, Thuchila, Likhubula ndi Lichenya. Mukaona miyala ikuluikulu yobulungira ili mbwee pakati pa minda kutali ndi phiri, dzifunseni kuti inabwera bwanji. Funsani agogo a m'deralo kumene madzi anadutsa kale. Malo otchipa modabwitsa nthawi zambiri amakhala ndi mbiri imene wogulitsa sakunena.

Kenako kamangidwe. Maziko akwere pamwamba pa nthaka, pakhale pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma kuti chinyezi chisakwere, ndipo pamwamba pa mawindo padutse lintala yozungulira nyumba yonse. Makenchi amangiriridwe ku khoma ndi waya, osangosanjika miyala pa malata. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo likatuluka bwino kunja limateteza makoma ku mvula yowomba. Mawindo akhale mbali ziwiri zoyang'anana, chifukwa chiperoni chikakhazikika kanyumba kosapita mphepo kamachita nkhungu mpaka zovala kununkha.

Ubwino wa gulu ukuonekera pa ngalande. Munthu payekha amangokankhira madzi kwa mnzake wa kumunsi. Mudzi wokonzedwa pamodzi umakumba ngalande nyumba zisanamangidwe, n'kubzala vetiva ndi nsungwi m'malo otsetsereka.

Timange ndi njerwa zotani?

Kuyambira 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi zamalonda pofuna kupulumutsa mitengo. Gulu lomanga nyumba zambiri nthawi imodzi lifunse ku khonsolo ngati lamuloli likulikhudza, pamene likukapereka mapulani. Kaya likukhudzani kaya ayi, onani mmene phiri la Thyolo linayerera musanayatse uvuni wina. Mabuloko a simenti ndi odula, koma pali njerwa za dothi losakaniza simenti pang'ono zopanidwa ndi makina a manja. Banja limodzi silingagule makinawo, mabanja makumi awiri angathe, ndipo akamaliza kumanga amabwereketsa kwa ena n'kupeza ya mjigo.

Matabwa gulani a paini kapena bulugamu, muwapake mankhwala a chiswe. Wina akakutsatsani mkungudza usiku, dziwani kuti wabedwa m'phiri, ndipo mtengo wa fuko lathuwu watsala pang'ono kutheratu.

Madzi, zimbudzi ndi magetsi zimayenda bwanji?

M'madera ambiri a Mulanje muli mipope ya madzi otsika okha kuchokera m'phiri, ndipo gulu likhoza kupempha kulumikizidwa kudzera ku bungwe la ogwiritsa ntchito madzi la deralo. Kumene kulibe, ndi mjigo. Mvula kuno ndi yambiri, ndiye thanki yokololera madzi a padenga imathandiza pa kuchapa ndi kuthirira.

Chimbudzi chikhale cha banja lililonse. Cha onse chimasanduka cha palibe, ndipo nyumba zikayandikana matenda sachedwa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zimbudzi zikumbidwe kumunsi kwa mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30, ndipo malo ake aikidwe pa mapu a mudzi aliyense asanayambe kukumba.

Magetsi a ESCOM ngati mapolo ali pafupi ndi bwino kufunsira pamodzi. Apo ayi, sola yaing'ono imakwana kuunikira, kutchaja foni ndi wailesi. Kwa Bondo ku Mulanje midzi imayatsa magetsi opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, umboni woti zinthu zoterezi zimatheka kumudzi anthu akagwirizana ndi kulipira mokhulupirika. Pophika, mbaula ya Chitetezo imachepetsa nkhuni, ndipo nkhalango ya gulu ibzalidwe chaka choyamba.

Ndingalime ndi kuweta?

Dimba la masamba, mapeyala, nanazi, nandolo m'malire, zimenezo inde. Nthochi bzalani zochokera ku mbewu yoyera yovomerezedwa ndi alangizi, chifukwa matenda a chisaka amene anatha nthochi za ku Thyolo amayenda ndi ana a nthochi opatsana. Chimanga chodya chaka chonse sichingachoke pa malo oterewa. Muyenera kukhala ndi munda kwina, ntchito, penshoni kapena geni.

Mbuzi zikhale m'khola la m'mwamba, nkhuku zitsekeredwe nthawi ya mbewu. Ng'ombe ya mkaka yodyera m'khola, monga amachitira alimi a ku Bvumbwe, ndi yotheka ngati gulu lapatula malo a nsenjere ndipo kogulitsira mkaka kuli pafupi. Nkhumba kambiranani kaye, chifukwa cha fungo komanso chifukwa pakati panu pangakhale Asilamu ndi a Seventh Day.

Ndimagwira ntchito ku Blantyre. Ndingalowe n'kumabwera pa tchuthi?

Zimatengera malamulo a gulu, koma maganizo anga ndi akuti oterewa asachuluke. Mudzi umene theka la nyumba zake ndi zokhoma umasiyira ntchito yonse okalamba ndi amayi ochepa. Ngati akulolani, lipirani ganyu wogwira m'malo mwanu tsiku la chitukuko, ndipo pa msonkhano waukulu muzipezeka nokha. Kuika alendi m'nyumba yanu magulu ambiri amakana, chifukwa mlendi sanasainire malamulo.

Tikayambana amaweruza ndani?

Mudzayambana ndithu, walira mvula walira matope. Nkhani zake ndi zodziwika: mbuzi yadya chinangwa, ana amenyana, wailesi usiku, kachasu, ngongole yosabweza. Pakhale kagulu ka anthu atatu okhwima maganizo, osakhala m'komiti ya ndalama, komvetsera madandaulo. Zikakanika zipite ku msonkhano wa onse. Za ukwati ndi za ankhoswe, za malire ndi anthu a kunja ndi za amfumu, za kuba ndi kumenyana ndi za apolisi. Kopaletivi si mudzi woima pawokha: muli pansi pa nyakwawa ya deralo, ndipo pa maliro ndi pa chitukuko cha m'mudzi muzioneka, apo ayi adzakutchulani odzikonda ndipo tsiku la tsoka lanu mudzakumba manda nokha.

Zinthu ziwiri zilembedwe mwamphamvu. Choyamba, chipani ndi mpingo zisalowe m'kasankhidwe ka mamembala. Chachiwiri, kutchula munthu kuti ndi mfiti kukhale koletsedwa, monga momwe lamulo la dziko limaletsera. Anthu akakhala moyandikana mwana n'kudwala, chala chimathamangira kwa gogo wokhala yekha, ndipo mudzi umene unamangidwa kuti okalamba apeze pogona ukhoza kukhala woyamba kuwathamangitsa.

Ndatsimikiza mtima. Ndiyambire pati?

Pitani ku misonkhano ya gululo kangapo musanalipire kalikonse, mukhale kumbuyo muzimvetsera. Onani ngati amayi amalankhula, ngati msungichuma amawerenga ndalama poyera, ngati munthu wofunsa funso lovuta amayankhidwa kapena kukalipiridwa. Tengani malamulo ndi makope a mapepala a malo mukaonetse munthu wodziwa malamulo kapena ofisala wa malo. Kambiranani ndi akunyumba kwanu ndi mwinimbumba wanu.

Malowo kawaoneni mu January kapena February mvula ili pakati, muone kumene madzi akudutsa ndi ngati njinga yamoto ikufika. Chezani ndi eni minda yoyandikana popanda wa komiti pambali panu. Ndipo ngati pali munthu amene anatulukamo m'gululo, mufunefuneni mumufunse ngati ndalama zake anabwezeredwa, komanso patapita miyezi ingati.